Magolovesi Ofika M'mapewa

Dzuwa la ku Durban limatuluka m'nyanja litakwiya kale. Limagwa pamalata, limagwa pamsewu, limagwa pa ine, Ndaziona wa ku Ntcheu, amene ndinabadwa ndi khungu lachialubino. Ndiye m'mawa uliwonse ndimadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kumaso, m'khosi, m'mikono monse. Kenaka chipewa, kenaka minibasi, momwe mpando woyandikana nane umachedwa kupeza mwini.

Ndimagwira ntchito kwa Bambo Moodley, nkhalamba imene mkazi wake anamwalira, ana n'kumwazikira maiko akutali. M'nyumbamo muli zii. Chimene chimang'ung'udza ndi pampu ya thanki yagalasi imene malemuwo anasiya pabalaza, thanki ya madzi amchere, ya nsomba zam'nyanja yaikulu ndi makorali. Makorali ukawaona umayesa maluwa omera pamiyala, koma ndi zamoyo: amadya, amakula, amadwala. Ena ofiira psuu, ena obiriwira biriwiri, ena akuweyuka pang'onopang'ono ngati udzu kamphepo kakamadutsa padambo.

Manja a bwanawo amanjenjemera, choncho wopukuta galasi mkati ndine, wodyetsa ndine, wodzutsa mwala ukagwa ndine.

Mwezi wina wotentha, korali lina la nthambinthambi, limene mayi aja ankalikonda kwambiri, linayamba kuyera. Linayambira kunsonga, n'kumatsika, mpaka lonse mbee ngati fupa. Bwana anakhala pampando tsiku lonse akuliyang'ana, tiyi n'kuzizirira m'kapu. Mwana wawo wamkazi ataimba foni, mawu ake anandipeza kukhitchini: "Ndi mafuta amene amadzola wantchitoyo. Amapha makorali. Pezani wina."

Wogulitsa nsomba zam'thanki anabwera, nayeza madzi, napukusa mutu. Anati mwina ndi mafutawo, pakuti ena ali ndi mankhwala osagwirizana ndi makorali, ndipo m'thanki yaing'ono kadontho sikasowa. Mwinanso ndi kufunda kwa madzi. Kulumbira sakanatha.

Ine ndinkasamba m'manja nthawi zonse ndisanawaviike. Komabe mantha anandigwira, pakuti kumudzi ndinasiya mwana pasukulu, ndipo ntchito kuno siipezeka wamba. Ndinasiya kudzola m'mikono. Dzuwa silinandimvere chisoni. Pokwerera minibasi linandipeza, poyanika zovala linandipeza, popita kukataya zinyalala linandipezanso. Mikono inafiira, inatuluka matuza. Nsalu ikakhudza ndinkangoluma mlomo.

Tsiku lina ndikuwapatsira mankhwala awo, bwana anayang'anitsitsa dzanja langa.

"Ndaziona, ichi n'chiyani?"

"Dzuwa, bwana."

"Mafuta ako atha?"

"Alipo. Ndikuopera makorali a mayi."

Anaponya maso kuthanki. Kenaka anati, "Mayiyo akanakhalapo akanandikalipira ine. Uzidzola. Ndipo pano suchoka."

Mawa lake anandibweretsera magolovesi a labala, aatali, ofika m'mapewa.

Tsopano ndimadzola, ndimavala magolovesi, khungu likupola. Makorali otsalawo sanayerenso. Kaya ndi magolovesi, kaya ndi mvula imene yaziziritsa mzinda, palibe akudziwa. Mvulayo imagwa waa pazenera, bwana n'kumaodzera pampando, ine n'kumapukuta galasi.

M'thankimo muli kansomba ka mzere wakuda bii kamene ntchito yake n'kutsuka zinzake. Kale ndikaviika dzanja kankathamangira, n'kumanditsinatsina pakati pa zala, kosanyansidwa, kosaopa, kosafunsa kuti ndinabadwa bwanji. Mumzinda wonse uno, chamoyo chimene chinkandikhudza mwadala chinali chokhacho.

Lero kamabwerabe. Kamajompha labala, kamazungulira, kamajomphanso. Ndimakaona ndi maso, koma pakhungu sindimvanso kanthu.