Chikwangwani cha Pakhomo Lojambulira

Triza anasintha malo kachitatu pabenchi la pachipatala, pepala lake litanyowa ndi thukuta.

"Iwe, pali nsikidzi pamenepo?" anafunsa mayi ake, a Rute. "Takhazikika ngati munthu."

Chaka chimenecho malole anali atayamba kubweza anthu othawa nkhondo kwawo ku Mozambiki, nkhondo itatha. Bambo a Triza, a Luciano, ophika pa hotela ina ku Makokola, anakana zobwerera, ati kumudzi kunatsala zitsa zokha. Koma kuti banja liloledwe kukhala muno, aliyense anayenera kupimidwa magazi ndi kujambulidwa m'chifuwa, adokotala adinde pepala. Mapepala onse ankafunika Lachisanu.

Triza sankaopa jakisoni. Ankaopa chikwangwani cha pakhomo lojambulira. Mayi ake sankatha kuwerenga, koma iye anali atangomaliza Sitandade 8, ndipo anachiwerenga kasanu: *Ngati muli ndi pakati, uzani namwino musanajambulidwe.*

Miyezi inali itakwana itatu. Ankadziwa ndi iye yekha ndi Sefu, mwini pakatipo, msodzi wa ku Lungwena, amene atamva anangokanda m'mutu.

"Makinawa amaona zonse," anatero mayi wina pabenchipo. "Amuna anga anawapeza ndi fodya wa chaka chatha m'mapapo!"

Anthu anaseka.

Dzina la Triza litaitanidwa, a Rute ananyamuka naye. "Ndilowa nawo, ngwamanyazi uyu."

"Vula bulauzi, ndi mkanda womwe," anatero namwino. "Kumwezi unapita liti?"

"Aa, asisitala, ndi mwana uyu!" a Rute anaseka. "Jambulani, basi itisiya."

"Ndafunsa mwiniwake, mayi."

Triza anayang'ana chitsulo chimene anayenera kutsamirapo chifuwa. Kungoti "sabata yatha", basi, pepala likanadindidwa. Sankadziwa chimene makinawo amamuchita mwana wosabadwa. Ankangodziwa kuti munthu sangavutike kulemba chikwangwani pachabe.

"Mu Juni," anatero, mawu ali pansi.

Unali Seputembala. Anaona zala za mayi ake zikupindika chimodzichimodzi pachitenje powerenga miyezi, kenako n'kuima.

"Lero sindikujambula," anatero namwino, akulemba papepala. "Uonane kaye ndi adokotala Lolemba. Iwo ndiwo anene chochita."

"Nanga Lachisanu?" anafunsa a Rute.

"Kafotokozeni ku ofesiko. Ine sindingadinde."

Anayenda mpaka kudepoti. Triza ankatsalira m'mbuyo, akudikira mbama, kapena mawu oti banja lonse likwera lole chifukwa cha iye. A Rute anaima pa mayi wogulitsa chinangwa chophika. Anatenga pepala losadindidwa lija m'manja mwa mwana wawo, n'kulipinda, n'kumupatsa chinangwa m'malo mwake.

"Idya, sunadye chiyambire m'mawa. Kwa abambo ako ndiyamba ndine kulankhula. Iwe ungondiuza dzina lake."

"Sefu," anatero Triza.