Mbendera ya mu Mtsamiro

Sagal amasomola mtsamiro wa bambo ake kuti auchape pamene nsalu yabuluu inatuluka m'kati mwa thonje. Anali atangowaika m'manda dzana. Anafuna kuibwezeramo msanga, koma azakhali ake, a Hibaq, anali ataiona kale.

"Bwera nayo kuno, mwana iwe."

Sagal anaidziwa nsaluyo ngakhale inali yopinda. Kusukulu anaphunzira kuti mbendera yabuluu ya nyenyezi yoyera, nsonga zisanu, inakwezedwa koyamba muno mu Hargeisa anthu akuvina. Anaphunziranso kuti ndege zimene zinadzagumula mzindawu zinali ndi nyenyezi yomweyo. Masiku ano kuno kuli boma lina ndi mbendera ina, ndipo yabuluuyo munthu sangaionetse pabwalo.

Guleed, mchimwene wake, anatseka chitseko. Kunja anthu olira maliro amamwa tiyi.

"Akaiona awa, ntchito yanga ya kuboma yatha," anatero. "Mdala ameneyu, kusoka mayunifolomu a ana asukulu masana, kenako kumagonera chimenechi?"

"Ine ndinathawa ndege zija ndili ndi khanda kumsana," anatero azakhali, mawu ali pansipansi. "Linafera panjira ya ku Ethiopia. Mlongo wanga analipo, anaona ndi maso ake. Ndiye zaka zonsezi mutu wake unali pa nyenyezi imeneyi? Ndamulirira chabe."

Sagal anafuna kunena kuti bambo sanali otero, kuti amamusungira zipatso zotsekemera za tende m'thumba la malaya. Koma iye si wolankhula pa akulu.

"Tenga mbaula," anatero Guleed.

Anakaitenga. Makala anali ofiira. Azakhali anagwira nsonga ziwiri za nsaluyo n'kuikutumula kuti moto uigwire bwino.

Nyenyezi panalibe.

Pakati panali chithunzi chake chokha, buluu wakuda kusiyana ndi kwina kumene dzuwa linasuwitsa, ndi timabowo ta singano tozungulira nsonga zonse zisanu.

"Aisunga kwina," anatero Guleed. "Funa m'matiresi, Sagal."

Azakhali sanamumve. Amayang'ana timabowo tija.

"Kuthengo kuja tinalibe nsanda," anatero. "Panalibe ndi kansalu komwe koyera. Mlongo wangayo anapita kuseri kwa mtengo ndi kathumba kake, n'kubwera ndi nsalu yoyera yodulidwa modabwitsa. Ndinamukalipira kuti telala wanji iwe, nsanda ya nsongansonga. Miyendo ya mwana inatsala pamtunda."

Anakhala pansi pambali pa mbaula.

"Sindinamufunsepo kumene anaitenga."

Guleed anayang'ana kuchitseko. Wina amagogoda, kufunsa shuga.

"Zakhali, ngakhale ilibe nyenyezi, aliyense aizindikira."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Anaipereka okha. Isanafike pamoto, Sagal anaika dzanja lake pamalo pakuda paja, natambasula zala zisanu. Pamanunkhira mafuta a kumutu a bambo.

Kenako Guleed anaikoka.