Nachisale wa pa Chigayo

"Monga ndanena kale," anatero a Isake Mbewe, ngakhale kuti anali asananene kalikonse, "Nachisale wa pa Chigayo uja, amene ankagwedeza boma ndi makalata m'nyuzipepala, ndi ineyo."

Mawuwa anawayankhulira pakhonde la chigayo cha a Abrahamu, kufupi ndi Msakambewa, Lachiwiri lina m'mawa m'chaka cha 1996. Omvera anali amuna atatu opanda chochita ndi mzere wa amayi odikira kugayitsa. A Isake anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ankavalabe tayi ngakhale popita kukaona fodya m'chigafa.

A Abrahamu, oyera ndi ufa mpaka m'nsidze, anawayang'ana kuyambira kunsapato kukafika kundevu.

"Inuyo, aphunzitsi?"

"Ineyo."

"Oo," anatero a Abrahamu. Analowa m'kati n'kukaliza injini, ndipo zotsala za nkhaniyo zinagayidwa limodzi ndi chimanga.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tsiku limenelo a Isake ankanena zoona.

Kumayambiriro kwa 1993, dziko likukonzekera kusankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, kunabuka tinyuzipepala tambirimbiri. Kena kanali Mluzu wa Sabata, kamene kankafika kumapiri kuno katapindidwa pansi pa dengu la usipa. M'menemo munatuluka makalata asanu ndi anayi odandaula za makhadi a chipani amene ankafunsidwa pamsika, pachigayo ngakhale pokwera basi. Onse anasainidwa "Nachisale wa pa Chigayo, Msakambewa", ndipo onse ankayamba ndi mawu akuti "Monga ndanena kale". Palibe mwamuna amene anazindikira mawuwo. Kuti uzindikire mawu a munthu uyenera kukhala utamumvetserapo, ndipo a Isake anthu analeka kalekale kuwamvetsera.

Dzina la mkazi analisankha mwanzeru. Ankati anyamata a chipani akayamba kusaka wolembayo adzasaka mwa amuna. Mfunda wa Nachisale anautenga poti Anachisale ndi ambiri m'dziko muno. Ndi ambiridi. Koma wokhala pafupi ndi chigayo analipo mmodzi yekha: Lidia, mkazi wamasiye wa mng'ono wawo.

Kalata yachisanu ndi imene inaphika nyemba zosapsa. Inanena za mkulu wa mpingo wina amene Lamulungu amaweta nkhosa, Lolemba n'kumakazimeta pageti la msika. Dzina silinatchulidwe, koma a Petulo, amene anali mkulu wa mpingo komanso wogulitsa makhadi pageti, anadziona okha ngati pagalasi. Akulu a mpingo anakhala pansi n'kuitana Lidia. Atamufunsa ngati Nachisale wa pa Chigayo ndi iyeyo, anangoti, "Dzinalo ndi langa." Anamuimitsa m'chigwirizano cha amayi. Bulauzi yake yoyera inalowa m'sutikesi, ndipo Lachinayi lililonse ankakhala pakhonde akusenda mtedza, anzake akudutsa pamsewu atavala zoyera.

Masankho a 1994 atapita, mphepo inatembenuka. Nachisale anasanduka ngwazi. A Petulo nawonso anasintha mtundu wa malaya, koma chakukhosi anasamuka nacho, choncho bulauziyo inakhalabe m'sutikesi.

A Isake anayesa kutenganso dzina lawo mwakachetechete. Analembera mkonzi wa Mluzu kuti Nachisale ndi iwowo. Mkonzi anayankha kuti akuthokoza, ndiponso kuti iwo ndi bambo wachisanu ndi chiwiri kunena zimenezo. Umboni analibe, pakuti mapepala onse anawatentha mu 1993, tsiku limene galimoto ya apolisi inaima pachigayo kudzagula mazira. Anatumiza nkhani zinayi m'dzina lawo lenileni, lotsatana ndi mayina a masukulu onse amene anaphunzitsapo. Sizinatuluke. Pa yachinayi mkonzi analemba m'mphepete kuti, "Bambo, yesani kuwerenga makalata a Mayi Nachisale, muone mmene anzanu amalembera."

Tsopano kunamveka kuti bungwe lina la ku Lilongwe likubwera Loweruka kusukulu kudzalemekeza Nachisale. Padzakhala satifiketi, chitenje ndi njinga. Za njinga a Isake analibe nazo ntchito kwenikweni. Chimene chinkawawawa chinali kuwomba m'manja, kumene kunali pafupi kupita kwa munthu wina.

Lachitatu masana anapukuta nsapato n'kupita kwa Lidia. Anamupeza akupeta pabwalo.

"Odi, alamu."

"Eee, alamu. Mwasochera kapena? Njira ya kuno munaiwala chaka cha referendamu."

Anawapatsa mpando. A Isake anafunsa za ana, za mbuzi, za denga, kenaka za ananso. Lidia anayankha zonse akupetabe.

"Monga ndanena kale," anayamba.

"Simunanene, alamu. Koma dzulo pachigayo ndinamva, injini isanalire."

A Isake anakonza tayi. "Ndiye kuti mwadabwa."

"Ndinadabwa mu 1993, pa kalata yachiwiri. Kuyambira pamenepo ndangokhala ndikudikira."

"Munadziwa?"

"Amayi onse a m'mudzi muno anadziwa kuti wolembayo ndi mwamuna. Kuti mwamunayo ndi inu, tinadziwa awiri, ine ndi akazi anu."

"Margareta?" A Isake anayang'ana kumsewu ngati kuti akazi awo abisala m'chinangwa. "Nanga bwanji simunakane kwa akulu a mpingo?"

Lidia anaika lichero pansi. "Ndikanakana akanayamba kusaka. Ine anandilanda bulauzi. Inuyo akanakutengani pagalimoto, ndi chifuwa chanucho. Ndinaona kuti malemu mng'ono wanu sangakondwe kukuonani mutabwera msanga."

A Isake anatsokomola pang'ono. Kenaka anati, "Komabe, alamu, mbiri ya dziko iyenera kulembedwa molondola."

"Mukufuna dzina lanu."

"M'chilungamo chake, inde."

"Ndi langa, koma chabwino, tinene kuti ndi lanu. Munalisiya pakhomo panga ngati mbuzi yosungitsa, osandiuza n'komwe. Ndaidyetsa zaka zitatu. Yadya m'minda ya anthu, milandu yake n'kugwera ine. Lero yanenepa mwabwera ndi chingwe."

"Sindinafune kuti..."

"Mbuzi yanu mutenga. Koma wosunga mbuzi sabwerera chimanjamanja, amatsala ndi kamwana. Ndiponso mbuzi sabwezerana kuseri kwa nkhokwe. Loweruka mukaimirire pamaso pa a Petulo ndi anthu onse, mukanene kuti za kumeta nkhosa zija munalemba ndinu. Ine ndikufuna bulauzi yanga. Ikutha ndi njenjete."

"Za nkhosazo mwina tingazidumphe. Makalata alipo ena asanu ndi atatu."

"Mbuzi sagawa, alamu. Wotenga mutu atenge ndi mchira."

Loweruka anthu anadzaza bwalo la sukulu. Alendo anafika ndi galimoto yoyera, mochedwa ndi maola awiri, akudandaula za zitunda za msewu. Wotsogolera anali mayi wachitsikana wovala suti, dzina lake Rejoice. Patebulo anayala satifiketi ndi chitenje, ndipo pambali anaimika njinga yatsopano ya amayi, yopanda chitsulo chapakati. A Petulo anakhala kutsogolo. Ndi iwo amene anatsegula ndi pemphero, nathokoza Mulungu chifukwa cha ufulu wa kuyankhula, umene iwo anaumenyera nkhondo mumtima.

Mayi Rejoice anafotokoza za kulimba mtima kwa amayi akumudzi. Anawerenga ndime ziwiri za Nachisale, anthu n'kuwomba m'manja. A Isake anayamba kuwerama pang'ono ngati wolandira ulemu, Margareta n'kuwakoka jekete.

"Tsopano tipemphe Mayi Nachisale abwere kutsogolo."

Lidia anaimirira pamene anali, osasuntha. "Pepani alendo. Dzinalo ndi langa, koma makalatawo si anga. Mwini wake ali pompano. Alamu, nthawi ija ndi ino."

A Isake anaimirira. Anali atakonza mawu a masamba anayi, oyamba ndi mbiri ya atolankhani padziko lonse. Atayang'ana kumene kunakhala a Petulo, masambawo anakana kutuluka m'thumba.

"Monga ndanena kale," anatero, "ndine."

Anthu anaseka. Sanaseke mwachipongwe. Anaseka monga amasekera munthu woti amudziwa kwa zaka makumi atatu.

"Aphunzitsi, khalani pansi," anatero a Petulo mokoma mtima. "Tonsefe tinkafuna kulemba nthawi imeneyo."

Mayi Rejoice anayang'ana m'mapepala ake. Munalibe malo a zoterezi. "Bambo, muli ndi umboni uliwonse?"

"Ndinautentha, mayi, pazifukwa za chitetezo."

Kumbuyo kunamveka mawu a a Abrahamu akuti, "Oo."

"Umboni ulipo," anatero Lidia. "Alendo, muli nayo kalata yachiwiri? Tawerengani pamene Nachisale akufotokoza za kupita kuchigayo."

Mayi Rejoice anaifufuza n'kuwerenga. "Ine mayi wosauka, ndinaviika chimanga changa masiku atatu, kenaka ndinachikonola, ndinachipeta, ndipo nditafika nacho kuchigayo anandibweza chifukwa cha khadi."

Mbali ya amayi inayamba kugwedezeka ndi kuseka. Wina anabisa nkhope m'chitenje. Amuna ankangoyang'anana.

"Chalakwika n'chiyani?" anafunsa a Petulo.

"Funso lanulo ndiye umboni wake," anatero Lidia. "Chimanga timayamba takonola, tipete, chikhale mphale, ndiye tiviike. Woviika asanakonole akufuna kuphika mowa. Palibe mkazi wa kuno angalembe zimenezo, ngakhale ali m'tulo. Ife tinaona tsiku lomwelo. Koma akulu a mpingo sanatifunse."

"Zikungosonyeza kuti ndi mwamuna," anatero a Petulo. "Amuna ndife ambiri."

Margareta anaimirira pang'onopang'ono, akukonza mpango. "Ine ndakhala ndi bambo awa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Musi sanaugwirepo. Tsiku lina mu 1993 anandifunsa ali kuseri kwa chitseko kuti, kodi mayi, chimanga amaviika masiku angati? Ndinati atatu. Za kukonola sanafunse, poti ankati akudziwa." Anakhala pansi, kenaka anaimiriranso. "Ndiponso tsiku limene anandifunsira ukwati anayamba ndi kuti monga ndanena kale."

Apa ngakhale amuna anagwedeza mitu. Mmodzi ndi mmodzi anayamba kukumbukira kuti mawuwo anawamvapo penapake.

A Isake anaona kuti anthu awakhulupirira, koma osati panjira imene ankailota. Lidia anali akuwayang'anabe.

"Mchira, alamu."

A Isake anatembenukira kwa anthu. "Kalata yachisanu ija, ya nkhosa, ndinalembanso ndine. Mlamu wangayu sanaidziwe n'komwe. Anakhala chete kuti ine ndisatengedwe, ndipo ine ndinakhala chete kuti... ndinangokhala chete. Zaka zitatu. Ndinalakwa, alamu."

Aka kanali koyamba kuti a Isake anene chinthu chimene anali asananenepo kale.

Maso onse anapita kwa a Petulo. Iwo anayang'ana alendo, galimoto yoyera, ndi bambo amene ankajambula zithunzi.

"Nkhani za mpingo zili ndi njira yake," anatero. "Akulu adzakhala pansi."

"Anakhala kale pansi," anayankha mayi wina wa chigwirizano. "Ino ndi nthawi yoti aimirire."

A Petulo anatsokomola. Ananena kuti iwo paokha sanakhulupirirepo kuti Lidia angalembe zotero, ndiponso kuti sakuona chimene chingamuletse kuvala zoyera Lachinayi likudzali. Lidia anapempha kuti abwereze mawu omalizawo mokweza, poti ena kumbuyo makutu awo anatha ndi chigayo. Anabwereza.

Vuto linatsala kwa Mayi Rejoice. Satifiketi inali italembedwa kale, ndipo bungwe linalibe ina.

"Apatseni eni ake," anatero Lidia. "Ndi chitenjecho. Ine kamwana ka mbuzi kanga ndi ako kali ndi matayala awiriko. Alamu, mukuti bwanji?"

A Isake anayang'ana njingayo. Inali ya amayi ndithu, yokhala ndi kadengu kutsogolo. "N'zoyenera," anatero.

Mayi Rejoice anakweza satifiketi n'kuwerenga monga inalembedwera. "Kwa Mayi Nachisale wa pa Chigayo, chitsanzo cha amayi onse."

A Isake anakonza tayi n'kupita kutsogolo. Analandira satifiketi ndi manja awiri, chitenje n'kuchikoleka pamkono. Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali, amayi akululutira, ndipo iwo anaima pomwepo mpaka womaliza ataleka.

Lidia anagwira njinga yake pachiwongolero n'kuliza belu kamodzi kuti aone ngati likugwira ntchito.

"Anthu mwaona nonse," anatero. "Mbuzi yabwerera kwa mwini wake. Pakati pa ine ndi alamu anga palibenso kanthu."

A Abrahamu anabwera kudzawagwira chanza a Isake. Anapukuta dzanja pabuluku, ufa n'kungowonjezeka.

"Mwalemba bwino, Anachisale," anatero. "Lolemba mubwere ndi mphale yanu, ndidzakugayirani poyamba."