Chibangili Chopanda Batani

Mlongo wanga wamng'ono amakhulupirira kuti mavuto onse a padziko lapansi amayamba ndi waya. Amagwira ntchito pakampani ina ya achinyamata ovala malaya osasita, imene imapanga tizipangizo tolumikiza zinthu ku intaneti popanda waya: mathanki a madzi, mafiriji a mankhwala, mageti a m'mafakitale. Ndalama zoyendetsera kampaniyo anaikamo ndi anthu olemera akutali. Ng'oma amaimba ndi iwowo, enawa amangovina.

Abambo athu, amene moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi, anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenako mayina a adzukulu, mapeto ake njira yobwerera kunyumba. Ine ndimasoka zovala pakhomo pomwepo, choncho ulonda unagwera ine. Geti ndinkalikhoma ndi loko, iwo n'kumaligwedeza ngati mkaidi, uku akunditukwana ndi mawu amene sindinkadziwa n'komwe kuti amawadziwa. Mtima unkandipweteka, koma ndikanatani?

Tsiku lina mlongo wangayo anabwera ndi chibangili chakuda chapulasitiki n'kuwaveka abambo padzanja.

"Achemwali, loko uja mutaye," anatero. "Akangodutsa pageti, foni yanu ilira. Komanso kadontho kobiriwira aka kazikuuzani pomwe ali."

"Nanga batani lake lili pati?"

"Palibe batani, palibe kagetsi, palibe potsegula. Kuphweka kwake n'komweko. Chikafuna kukonzedwa timakonza tili kuofesi, uthenga umangodutsa mumphepo."

Ndisanamizire, chinkagwira ntchito. Foni ikalira ndinkataya lumo n'kuwapeza pamsewu akuimitsa magalimoto. Abambo anasiya kutukwana, ine ndinayamba kupuma.

Chimene mlongo wanga sanandiuze n'chakuti pakampanipo pali lamulo loti wophika ayambe walawa yekha. Pulogalamu yatsopano isanapite kwa makasitomala, imayamba yatumizidwa ku tizipangizo ta m'nyumba za antchito, kuti ikalakwika ilakwikire konko. Anzake tizipangizo tawo anatiika pathanki, wina pakhola la galu. Chathu chinali padzanja la bambo wathu.

M'mawa wa tsiku limene zinalakwika ndinali pa diresi la mkwatibwi wina wovuta, amene m'chiuno mwake munkasintha sabata iliyonse. Abambo ndinawakhazika pampando wawo pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Ndikasoka pang'ono ndinkasuzumira pafoni: kadontho kali pansi pa mtengo. Ndisokenso, ndisuzumire: kali pomwepo. Ndinafika poyamikira kuti lero akuluwa akhazikika. Nditawatengera tiyi chakumasana ndinapeza mpando wokhawokha, juzi yawo itagwera pansi, geti lili pululu. Pafoni kadontho kanali kadakali pansi pa mtengo, ine nditaima pomwepo.

Ndinathamanga msewu wathu wonse osavala nsapato. Mayi wogulitsa mayunitsi anati anawaona m'mawa ndithu, akuyenda bwinobwino ngati munthu wodziwa kopita. Mlongo wanga foni sankayankha, choncho nditachoka kupolisi ndinakwera minibasi ulendo wa kuofesi kwawo.

Ndinafika tsiku lolakwika. Eni ndalama aja anali atabwera kudzaona ntchito, ndiye aliyense anali atapesa. Pakhoma panali sikirini yaikulu yodzaza ndi timadontho tobiriwira tokhatokha, bwana wawo akuloza ndi kunyada. Mlongo wanga ndinamupeza m'kachipinda kakumbuyo, atazolikira pa laputopu, thukuta lili kamukamu. Nkhope yake inandiuza kuti akudziwa kale kuti zinthu zalakwika, koma samadziwa kuti zafika pati.

"Abambo kulibe," ndinatero.

Anayankha ndi bwana uja, amene ananditsatira n'kutseka chitseko msangamsanga kuti alendo asamve.

"Mayi, pepani kwambiri. Pulogalamu imene tatumiza m'mawa yatseka njira imene tizipangizoto timalankhulira nafe. Zakhudza ta antchito tokha, makasitomala ali bwinobwino."

"Nanga bwanji foni sinandiuze kuti chafa?"

Anayang'anizana. Ndiye mlongo wanga anayankha chapansipansi kuti kale chipangizo chikasiya kulankhula, kadontho kankasanduka kofiira. Eni ndalama anati zofiira zimaopseza ogula. Anachotsa. Tsopano chikafa, foni imangosonyeza pomwe chinali komaliza.

"Chabwino, chidzutseni ndiye. Suja unati mumakonza muli pompano?"

"Njira yake ndi imene yatsekekayo, achemwali. Kuti chidzuke ndiyenera kufika nacho pafupi ndi laputopuyi. Mapazi ochepa chabe."

"Iwe, ukundiuza kuti, kuti tiwapeze abambo, tiyambe tawapeza abambo?"

Palibe anaseka. Kuseri kwa chitseko alendo ankaomba m'manja.

Kuyambira tsikulo mlongo wanga sanapitenso kuntchito. Ankayenda m'misewu laputopu ili yotsegula pamkono, kamlongoti katatulukira m'chikwama, anthu n'kumamutenga ngati wozungulira mutu. Ine ndinkazungulira zipatala ndi chithunzi, ndipo ndinalowa ngakhale m'nyumba yachisoni kukavundukula nsalu pankhope za abambo a eni ake. Tikakumana madzulo sitinkalankhulana. Ndinamuda mlongo wanga masiku amenewo, kumuda kwenikweni, ndipo ndinkachita manyazi pomuona mmene waondera.

Itatha sabata ndi masiku, tinali limodzi pafupi ndi depoti ya mabasi akuluakulu pamene laputopu ija inalira. Tinatsatira kulirako pakati pa ogulitsa nthochi ndi oitanira mabasi mpaka tinafika pakabenchi ka munthu wokonza mawotchi. Chibangili chinali m'kabokosi ka zomangira zakale, chitadulidwa.

"Mkulu wake ndikumukumbuka," anatero wokonza mawotchiyo. "Waulemu kwambiri. Anati wotchi yakeyi siikuonetsa nthawi, ndimukonzere. Ndinaifufuza paliponse, potsegula palibe. Ndiye anati ingoduleni, ikundichedwetsa."

"Ikuwachedwetsa kupita kuti, bambo?"

"Anati akukatenga ana ake kusukulu. Kamtsikana ndi kamnyamata. Akuti kamnyamatako kamalira akachedwa."

"Anakwera basi iti?"

Bamboyo anatambasula dzanja kuloza depoti yonse, mabasi ali ndandanda, iliyonse italoza kwake. "Mayi, pano pamatuluka mabasi tsiku lonse."

Kampani ya mabasi inkawasamutsa abambo kawirikawiri tili ana. Tinaphunzira m'matauni ambirimbiri, ena sindingathe n'kuwaloza, ndipo sukulu zina zinagumulidwa kalekale. Mlongo wanga anakhala pansi pafumbi pomwepo, laputopu ili pamiyendo, ikumuuza mosangalala kuti chipangizo chadzuka.

"Achemwali," anatero, mawu ake ngati a mwana, "ndi sukulu iti imene ndinkalira?"

Ndinaganiza, ndinaganizanso. Kenako ndinakhala naye pansi.

"Unkalira zonse," ndinamuuza.