Mtima wa Lachitatu

"Buku la sukulu limanunkha mbuzi chonchi?"

A Laurenti analigwira ndi zala ziwiri, nalitalikitsa ndi mphuno. Linali kope la Bayoloje la Teresa, ndipo kunena zoona masamba ake anali ndi madontho ofiirira, ena okhala ndi chidindo cha chala. Analipeza patebulo pamene ankafuna poika kapu ya tiyi.

Panali patapita masiku awiri chiikireni maliro a mng'ono wawo, Dominiko, amene kwa zaka makumi awiri ankagulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa ku Machinjiri. Mabenchi a ku tchalitchi anali atabwezedwa. Otsala pakhomopo anali achibale ochokera kwa Tengani ku Nsanje, amene ankadikira kuti nkhani zithe akwere basi.

"Ndi langa, bambo aakulu," anatero Teresa atagwada pafupi ndi chitseko.

"Ndaona dzina. Ndikufunsa magaziwa."

"Ndimaphunzirira pa ziwalo za mbuzi. Ababa ankandibweretsera."

A Laurenti anapukusa mutu. Iwo anagwira ntchito ya ukalaliki ku Limbe mpaka kupuma, anali ndi nyumba ya malata ku Chinyonga, ndipo nkhani ya sukulu pabanjapo ankaitenga ngati munda wawo. "Mng'ono wanga analekezera Sitandade 3. Akanakuphunzitsa chiyani? Ife tinkaloweza, mwana iwe. Mapazi m'beseni la madzi ozizira, buku m'manja, mpaka tsamba lonse lilowe. Osati zoseweretsa matumbozi."

Teresa ankaidziwa njira imeneyo. Beseni limenelo analiyesa chaka chatha. Analoweza mapamfuleti atatu mpaka ankawalakatula potunga madzi, koma tsiku la mayeso a Folomu 4 anamupatsa chithunzi cha mtima chojambulidwa chakumbuyo, mutu wake n'kungoti mbee. Anapeza 8. Kusukulu ya unamwino, kumene mtima wake unali, salandira munthu wopanda kirediti ya Bayoloje.

Teresa atalira mokwana, bambo ake anatenga imodzi mwa mapamfuleti aja n'kuyang'ana zithunzi zokhazokha, poti Chizungu sankachimva. "Aa, iwe! Zimenezi ndimazigwira tsiku ndi tsiku. Tandiuza m'Chinyanja, ichi chimatani?" Teresa analephera kufotokoza. Mawu a Chizungu anali nawo onse, koma chimene chinthucho chimachita sanachidziwe. Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse a Dominiko ankabwera ndi kajumbo kapadera: sabata ino impso, sabata inayo mapapo, kenako diso. Ankakhala pa mpando wa ndalema n'kumafunsa ngati mwana, "Chifukwa chiyani? Nanga chikapanda kutero?" Lamulo lawo linali limodzi: chimene walephera kumufotokozera wa butchala mpaka amve, ndiye kuti nawenso sunachimve.

A Laurenti anaika kope lija pansi n'kuitana mkazi wamasiye. A Petronela analowa atafunda chitenje kumutu, nakhala pamphasa moyang'ana kukhoma.

"Alamu, Loweruka tikunyamuka. Mwamuika m'tauni muno, ife tangokhala chete. Koma mwambo wotsalawu ukachitikira kwathu. Mukakhala mwezi wathunthu mpaka tsiku lometa." Anamwa tiyi pang'ono. "Ndipo mukudziwa kuti wamasiye sakhudza mchere. Payenera kukhala mwana wamkazi wokuthirirani. Teresa apite nanu."

"Bambo aakulu, mayeso ayamba pakatha masabata awiri," anatero Teresa.

"Mayeso amabwera chaka ndi chaka. Bambo amafa kamodzi."

"Ndabwereza kale kamodzi."

"Ndiye ubwerezanso, koma ulendo uno uwerenge ngati munthu. Ndi kawerengedwe kamenekaka, ngakhale utatsala ukalemba chiyani? Kuti mbuzi ili ndi chiwindi?"

Teresa anayang'ana mayi ake. A Petronela, amene masiku onse sankalola kuti munthu awapose pakamwa ngakhale pamjigo, anangowerama n'kumatosa ulusi wa mphasa. "Tamva, alamu," anatero.

Chimene chinawatseka pakamwa Teresa ankachidziwa. Bambo ake anagwa pamsika m'mawa wa Lachisanu, atagwira pachifuwa, ndipo anamwalira akungofika kuchipatala. Munthu wamphamvu, wonyamula mbuzi yathunthu paphewa. Tsiku lomwe la maliro, azimayi a kwa Tengani anayamba kunong'onezana kuseri kwa bafa kuti chifuwa chodula munthu chonchi n'cha mchere, kuti mkazi akayenda kumbali n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna amagwa momwemu. Zinali zabodza, ndipo zinali zankhanza. Koma a Petronela anazimva, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda m'nyumba mwawo momwe ngati mlendo. Akanakana bwanji mwambo wa mchere, anthu akuwanena kale za mchere?

Masana amenewo Teresa anakhala kuseri kwa nyumba, pamene panali dzuwa, poti kuzizira kwa Juni ku Machinjiri sikuseka ndi munthu. Anayesa kuwerenga notsi, maso n'kumangoyenda pamwamba pa mizere. Anatenga mapepala a mayeso akale, nayankha funso limodzi ndi theka. Kenako anakoka mpando wa ndalema uja, naukhazika patsogolo pake, n'kuyamba kufotokoza mmene magazi amayendera. Anafika pakati, pamene bambo ake akanati "chifukwa chiyani?", koma mpando sufunsa. Analira mpaka chimfine. Atatha anakalowa m'chipinda n'kuyamba kupinda zovala zopita nazo ku Nsanje.

M'mawa mwake, cha m'ma 9, kunamveka odi. Anali Che Sulaiman, bambo wachiYao wa ndevu zoyera amene ankazinga mbuzi za a Dominiko. A Dominiko anali Mkatolika, wa m'kwaya, koma nyama yozingidwa ndi Msilamu imagulidwa ndi aliyense, ndiye awiriwa ankakumana m'mawa uliwonse kwa zaka khumi ndi zisanu. Che Sulaiman anaima pabwalo atanyamula kajumbo kakuda, akuoneka wamanyazi.

"Pepani, ndalakwitsa," anatero atapatsidwa mpando. "Lero ndazinga mbuzi ya mnzathu wina pamsika paja. Potumbula, dzanja langochita zimene linazolowera Lachitatu. Ndadula mtima motalikitsa, mitsempha yonse ili pomwepo, mmene ankafunira Che Dominiko. Ndazindikira nditaika kale m'jumbo. Mwini mbuzi wati pita nawo."

Mayi wina wa kwa Tengani anatambasula dzanja. "Bweretsani tiuphike, anthu akadalipo."

"Si wa ndiwo, mayi. Ndi wa sukulu."

A Laurenti, amene ankawothera dzuwa pakhonde, anaseka mokweza. "Wa sukulu! Chabwino. Teresa, bwera nayo sukulu yakoyo tiione. Tisamangomva."

Ankafuna kumuchititsa manyazi, aliyense anaona. Teresa anatenga mbale ya pulasitiki ndi lezala, nagwada pakati pa bwalo. Atangougwira mtimawo, wozizira, woterera, wa fungo lomwe lija, zala zinapeza njira zokha. Anaung'amba mbali ziwiri n'kuutsegula.

"Uli ndi zipinda zinayi," anayamba motsitsa mawu. "Gwirani khoma ili, bambo aakulu. Ndi lopyapyala. Tsopano gwirani ili."

A Laurenti anazengereza, kenako anagwira ndi nsonga ya chala. "Lochindikala. Chifukwa chiyani?"

Funsolo linamubaya Teresa, poti mawu awo ankafanana ndi a bambo ake. "Mbali yopyapyalayi imangokankhira magazi apa pafupi, ku mapapo, kukatenga mpweya. Yochindikalayi imakankhira thupi lonse, mpaka ku chala cha kuphazi. Ntchito yaikulu, mnofu wambiri. Magazi a ku thupi amatulukira mumtsempha uwu, a ku mapapo mu uwu."

Azimayi anali atasendera pafupi. A Petronela anali ataima pachitseko.

Teresa anautembenuza mtimawo n'kupala mafuta pang'ono ndi lezala. Pansi pake panaoneka kamtsempha kowonda ngati ulusi wa thumba la feteleza. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, tabwerani muone."

A Petronela anabwera pang'onopang'ono n'kugwada.

"Mtima umadyetsa thupi lonse, koma nawonso uyenera kudya. Umadyera m'timitsempha iti. Taonani kuchepa kwake. Pakapita zaka, mkati mwake mumamatirira mafuta, njira n'kumachepa, munthu osadziwa. Tsiku lina magazi amaundana pamenepo, njira n'kutsekeka. Mnofu wa kutsogoloku umasowa mpweya, n'kufa. Munthu amamva ngati wina wamuponda pachifuwa, amatuluka thukuta, n'kugwa." Anapuma. "Ndi zimene adokotala anakuuzani m'Chizungu muja, bambo aakulu. Ndinali kumbuyo kwanu."

A Laurenti anatsokomola. "Ananena mawu ena aatali, inde."

"Zimatenga zaka?" anafunsa a Petronela.

"Zaka zambiri, amayi. Mwina kuyambira ndisanalowe sekondale."

"Si za tsiku limodzi?"

"Ayi."

"Si za chimene wadya dzulo lake?"

"Ayi, amayi. Si ndiwo zanu. Si inu."

Mayi wofuna kuphika uja anapeza chochita ndi nkhuni. A Petronela anakhudza kamtsempha kaja ndi chala, misozi ikugwera m'mbale, ndipo analira mosiyana ndi mmene analirira pamaliro, kulira kwa munthu amene watula katundu. Atatha anapukuta nkhope ndi chitenje, nachichotsa kumutu, n'kuyang'ana a Laurenti m'maso koyamba chimwalirireni mwamuna wawo.

"Alamu, kwa Tengani ndipita. Mwezi ndikakhala, kumeta ndikameta. Koma mwanayu atsala alembe mayeso."

"Nanga mchere akakuthirirani ndani?"

"Ndikadya zopanda mchere."

"Mwezi wathunthu?"

"Mwezi wathunthu. Mwambo ukuti ndisaukhudze. Sukuti ndiudye."

A Laurenti anayang'ana chala chawo chimene chinali ndi kadontho ka magazi, n'kuchipukuta ndi mpango mosamala. "Atsala ndi ndani pano? Mtsikana yekha?"

"Akakhala kwanu ku Chinyonga. Muli ndi magetsi."

A Laurenti anakakamira pang'ono, poti munthu wamkulu sagonja pamaso pa azimayi. Kenako anati, "Matumbo asalowe pabalaza panga. Kuseri." Ndipo analowa m'nyumba.

Azimayi anabalalika. Teresa anatsala chogwada. Ankafuna kutenga mbale ija pamene Che Sulaiman anaigwira.

"Dikira, mwanangu. Pena wasokoneza."

"Pati, Che Sulaiman?"

"Mitsempha iwiri yaikuluyi. Uja wati wopita ku thupi ndi wa ku mapapo. Wa ku thupi ndi uwu wakumbuyowu."

Teresa anawayang'ana modabwa. Munthu ameneyu sanalowepo m'kalasi ya boma, dzina lake ankalemba m'Chiarabu chokha. "Mwadziwa bwanji?"

"Bambo ako. Lachinayi lililonse ankabwera pozingira paja ndi phunziro la dzulo lake, n'kumandiuza ine ndikusenda chikopa. Ankati akapanda kumuuza wina aiwala, ndipo akaiwala udzalakwitsa iye osazindikira. Impso ndikuzidziwa, diso ndikulidziwa. Ndinkamuuza kuti achimwene, mundilembetsa mayeso ine?" Anaseka pang'ono, maso ali ofiira. "Za mitsempha iwiriyi ndiye anandivutitsa nazo sabata yonse yathayi. Ankati yamusokoneza mwana wanga kawiri konse, koma sindinamuuze, ndikufuna ndipeze kaye njira yoti asadzaiwalenso. Anaipeza Lachinayi. Ankati adzakuonetsa lero."

Che Sulaiman anaweramira tsache limene linali m'mbali mwa khonde, nathyola kamtengo kamodzi. Anakalowetsa pang'onopang'ono mumtsempha wakutsogolo uja, ndipo nsonga yake inatulukira m'chipinda cha khoma lopyapyala. Anathyola kena n'kumupatsa Teresa.

"Winawo lowetsa wekha," anatero. "Bambo ako akanangoyang'ana."