Mapiritsi M'chitini cha Mbedza

Jesinta ankafuna singano yosokera thumba la nsomba pamene anatsegula chitini cha mbedza cha amuna ake. Pansi pa mbedza zadzimbiri panali timapaketi titatu ta mapiritsi, tonse tosatsegula. Anatitembenuza m'manja kawiri. Anali mankhwala a miyezi itatu yathunthu.

Amuna akewo, a Geresomo, anali msodzi wa m'dambo la Shire, munthu wathupi, wokonda mlamba wokazinga ndi nkhumba yootcha ya pamsika. Atayamba kubanika pokwera mtunda, kuchipatala anawapeza ndi mafuta ochuluka m'magazi, magaziwonso akuthamanga. Anawapatsa mapiritsi omwa tsiku ndi tsiku. Jesinta anafunsa namwino ngati zitsamba zingathandizeko. Namwinoyo anati adyo ndi masamba a sangowa, mtengo uja ena amati chamwamba, si zoipa, ndipo zonona achepetse, koma mapiritsi asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Jesinta ankasinja adyo, kuwiritsa sangowa, n'kufinyiramo ndimu. A Geresomo ankamwa atakwinya nkhope, komabe ankamwa, ndipo thupi linayamba kupepuka. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anamugwira Jesinta paphewa anthu akuona, n'kunena kuti dokotala wawo weniweni ndi ameneyu. M'zaka makumi awiri ndi zinayi za banja, Jesinta anali asanayamikidwepo pagulu. Amayi a m'mudzimo anayamba kubwera ndi mabotolo.

Masana a tsiku lomwe anapeza mapiritsilo, anadikira kuti bamboyo atsirize kudya.

"Bambo a Tiyamike, mankhwala a kuchipatala aja mukumwabe?"

"Amandiphwanya miyendo amene aja," anatero a Geresomo akusamba m'manja. "Ako aja akundikwanira. Kapena mwiniwakewe wayamba kuwakayikira?"

Mawu a namwino anali pamlomo penipeni. Koma kuwatulutsa kunali kuvomera kuti madzi ake obiriwira aja sangaime paokha, kuti iye si dokotala wa munthu aliyense, ndi mayi wogulitsa nsomba za makakana basi. Anangotola mbale. M'mawa mwake anawonjezera adyo, anaponyamonso masamba a nimu. Mankhwalawo anawawa kwambiri, ndipo a Geresomo anati tsopano ndiye afika pake.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Geresomo anagwa padoko akukokera bwato kumtunda. Asodzi anzawo anathamangira nawo kuchipatala pa ngolo ya ng'ombe. Jesinta anawapeza kukamwa kutapotoka, mkono ndi mwendo wakumanja zili lende ngati zovala zonyowa. Maso ankayenda, koma lilime linali litakana.

Dokotala anabwera ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Pambali pa bedi panalinso a Otilia, alongo awo a Geresomo, amene anabwera kudzathandiza kudwazika. Dokotalayo anafunsa ngati wodwalayo ankamwa mapiritsi ake bwinobwino.

Munthu yekhayo amene akanamutsutsa Jesinta anali wosalankhula. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. Anayang'ana amuna ake, iwonso anali kumuyang'ana.

"Anasiya mu Meyi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinadziwa mu Ogasiti, koma ndinangokhala chete."

Dokotala analemba osadzutsa mutu. Anafotokoza kuti mtsempha wa m'mutu watsekeka, ndipo palibe anganene motsimikiza kuti mapiritsi akanaletsa zimenezi, kungoti akanachepetsa chiopsezo. A Otilia anamulanda Jesinta beseni ndi kansalu, n'kuyamba kupukuta okha nkhope ya mlongo wawo. Masabata atatu onse a m'chipatala, akazi awiriwo ankangopatsirana zinthu osayang'anana.

Atatulutsidwa, a Geresomo ankaswera pamkeka kuseri kwa nyumba, komwe kumapitako kamphepo. Tsiku lina kunabwera Magdalena wa kutsidya kwa msewu, botolo lili m'manja. Anati amuna ake nawonso atopa ndi mapiritsi, ndiye amati Jesinta awapangireko mankhwala otchuka aja.

Jesinta sanalandire botololo. Anamugwira dzanja Magdalena n'kuzungulira naye kuseri.

"Zitsamba ndikuuzani kakonzedwe kake, mawa," anatero. "Lero yambani mwaona kaye. Mukakafika, mukawafotokozere amuna anu."

Magdalena anagwada n'kupereka moni. A Geresomo anayesa kuyankha, khosi linatupa ndi khama, koma panangotuluka kamawu kosamveka ndi dovu. Mlendoyo sanakhalitse. Anatsanzika monong'ona, botolo atalibisa m'chitenje.

Jesinta anakhala pansi m'mphepete mwa mkeka. Ntchentche ziwiri zinali kuyenda padzanja lakumanja la a Geresomo, kuchokera kuchikhatho kukafika kuchigongono, mwiniwake osazimva. Anathyola kanthambi n'kuyamba kuziingitsa.