Piritsi Limene Linalemba Dzina la Nasiri

Inu a ku Dzivarasekwa, ana a ku mapulazi ndi zidzukulu zanu, khalani pansi mumve. Ndikunena za achemwali anga a Salima, amene tawaika m'manda mwezi wathawu.

Ku pulazi ya fodya, kufupi ndi Mvurwi, a Salima ndiwo ankagawa mankhwala pa komboni. Sukulu sanapite nayo patali, koma kolokwini, mankhwala a malungo aja, ankamudziwa. Ukangomuika pa lilime, ngakhale madzi amawawa mpaka madzulo. Pulazi italandidwa tinabwera kuno, iwo n'kuyamba kugulitsa matimati pa renki, pokwerera maminibasi aja timati makombi.

Chaka cha 2008 ku kiliniki kunatsala mabenchi okha. Mwana wawo Nasiri anapita ku Muzarabani kukasuma chimanga, n'kubwerako ndi malungo. Mapiritsi a kolokwini anagula yekha kwa Bothwell, bambo wa jekete lachikopa amene ankayala mankhwala pa katoni pa renki pomwepo. Nasiri anamwa osaphonya. Tsiku lachisanu tinamusambitsa, kumukulunga mu sanda, dzuwa lisanalowe anali m'dothi.

M'mawa mwake a Salima akukutumula bulangete lake, piritsi limodzi linagwa pansi. Analitola, n'kulinyambita. Ziii! Ngati anyambita khoma.

Anamanga mpango, anthu akadali pa siwa. Tinawaletsa kuti Bothwell ali ndi anyamata ake oopsa.

"Inenso ndinali naye mnyamata wanga," anatero, n'kutuluka, ife tikuwatsatira pambuyo.

Pa renki panali mzere wautali, makombi kulibe chifukwa cha mafuta. Kutsogolo kwa katoni ya Bothwell kunali Munira, mtsikana wolipira lendi kuseri kwa nyumba yathu, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, akunjenjemera ndi malungo, dzanja atatambasula kale kuti alandire paketi.

A Salima anati, "Munira, taima mwanawe. Iwe Bothwell, tafuna limodzi tione."

Bothwell anaseka, n'kuwauza m'Chishona kuti abwerere ku matimati awo, kapena kwawo ku Nyasalande.

"Mchombo wanga uli ku Mvurwi, sindipita kulikonse. Tafuna!"

Anthu a pamzere anazungulira. Bothwell anaponya piritsi m'kamwa. Anatafuna, anatafuna, kenako anakumbukira kukwinya nkhope.

"Nkhope yachedwa," anatero a Salima. "Kolokwini sadikira kuti uganize kaye."

Mayi Vimbai, aphunzitsi a pulaimale, anatenga limodzi n'kunyambita. "Ambuye! Ku sukulu tikusowa choko, kani chonse chili kuno!"

Anthu anaphulika chiseko, koma a Salima sanaseke. Anagwada pa phula, n'kutulutsa piritsi la m'bulangete lija. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zokhota ngati za mwana: NASIRI. Piritsi linathera pa chilembo chomaliza.

Bothwell anawaloza chala kuti awaonetsa zoopsa. Iwo anangokhala pa katoni yake, phwii, mapaketi onse pansi pawo.

"Itana anyamata akowo. Adzandinyamule pamodzi ndi choko chako."

Palibe anabwera. Bothwell anachoka ndi jekete lokha.

Munira tinamukankha pa wilibala mpaka ku Warren Park, kwa nesi wina wa tchalitchi amene anali ndi kwinini wochepa. Nesi asanamupatse, a Salima anapempha kunyambita. Nkhope inakwinyika yokha, misozi n'kutuluka.

"Imwa mwanawe, awa ndi enieni."

Munira anachira, anabereka mtsikana. Mwanayo ndi uja anatunga madzi pa maliro a achemwali osakhala pansi.

A Salima ankanena okha kuti lilime limagwira akuba aulesi okha, ochenjera amafunika makina a ku chipatala. Koma chaka chimenecho makina tikanawapeza kuti? Tinali ndi lilime la achemwali basi.

Mvula inafufuta dzina lija pa phula sabata yomweyo. Ine mano atha, mawu akutha. Mukamadutsa pa renkipo, uzani ana anu pamene a Salima anagwada, ndipo dzina la Nasiri muzilitchula mokweza.